Paipi ya kopa yotchezera mafuta a bulugama: iwotcherereni popanda mtovu

Funso: Zikomo amisiri. Ndife gulu la amayi 12 kuno ku Dedza ndipo timapanga sopo. Tikufuna tiyambe kutcheza tokha mafuta a masamba a bulugama ndi a lemon grass oti tizinunkhiritsira sopoyo, chifukwa ogula akutidyera phindu. Poto wamkulu wa stainless steel tili naye kale, chatsala ndi choziziritsira nthunzi. Mmisiri wina wokhoma zidebe pamsika wati atha kutipindira paipi ya kopa n'kuiwotcherera ndi solder yomwe amamatira ndowa. Wina watiuza kuti tingogula radiator yakale ya galimoto basi. Titsate ziti? Nanga paipiyo italike bwanji? Ndine mayi wa ku Dedza.

Yankho: Zikomo mayi, ndipo mundiperekere moni kwa amayi anzanuwo. Mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama. Radiator ija isiyeni komwe ili. Paipi ya kopa ndiyo njira yake, ndipo mmisiri wapamsikayo atha kuigwira ntchitoyi bwinobwino, koma solder mukagule nokha, muwerenge nokha zomwe zalembedwapo, ndipo muimirire pomwepo pamene akuwotcherera. Ndikhalitsa pa nkhani ya solder chifukwa zina zonse mukalakwitsa mumazikonza mawa, pamene iyi mukalakwitsa simuona chilichonse mpaka anthu atayamba kudwala.

Nthunzi ikachoka mumpoto imakhala yotentha, ndipo ikasanduka madzi, madziwo amakhala opanda mchere uliwonse. Madzi otentha oterewa amakokolola zitsulo zina pang'onopang'ono, koma kwambiri kuposa madzi a pachitsime. Choncho chilichonse chimene nthunzi yakhudza panjira, kachigawo kake kamakathera m'botolo lanu. Solder yomwe okhoma zidebe ndi okonza mawailesi ambiri amaikonda ndi yosakaniza tini ndi mtovu. Pa mpukutu wake pamalembedwa 60/40 kapena 50/50, kutanthauza kuti magawo 40 kapena 50 pa 100 aliwonse ndi mtovu. Amisiriwo sindiwanena, chifukwa solder imeneyi imasungunuka msanga, pa madigiri pafupifupi 190, imayenda bwino, ndiponso ndi yotsika mtengo. Pa waya wa wailesi ilibe vuto. Panjira ya nthunzi ndi poizoni.

Mtovu ukalowa m'thupi sutuluka msanga, umakakhazikika m'mafupa kwa zaka zambiri. Kwa akuluakulu umadzetsa kupotokola kwa m'mimba, kuchepa kwa magazi, kuthamanga kwa magazi, kuwonongeka kwa impso, ndipo ena dzanja limalobodoka pamkono osatha kulidzutsa. Kwa mwana wamng'ono ndi amene ali m'mimba umaononga ubongo, ndipo zimenezo sizibwerera. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ungatchedwe wabwino. Abale athu a ku Kabwe m'dziko la Zambia nkhaniyi amaidziwa ndi thupi: mgodi wa mtovu kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma ana akuyezedwabe n'kupezeka ndi mtovu wambiri chifukwa cha fumbi lomwe linatsala m'dothi.

Otcheza anaphunzira izi kalekale, ndipo anaphunzira ndi maliro. Mu 1723 boma la Massachusetts ku America linaletsa kupanga zivundikiro ndi mapaipi otchezera mowa wa rum ndi mtovu, anthu atadandaula za matenda opotokola m'mimba ndi kufa ziwalo. Za radiator nazonso si zongoganizira. M'zaka za 1990 ndi 1991 achipatala ku Alabama, ku America komweko, anapeza anthu omwa mowa wotcheza mobisa ali ndi mtovu wochuluka m'magazi, ndipo ma radiator akale a galimoto ndiwo ankakhala choziziritsira cha otcheza ambiri kumeneko. Radiator yakale ya kopa inamatidwa ndi solder ya mtovu m'malo mazanamazana. Yamakono ndi ya aluminiyamu ndi pulasitiki, komabe zonse ziwiri munkayenda mankhwala oziziritsa injini okhala ndi ethylene glycol, amene amapha impso. Timabowo ta radiator ndi tating'ono kwambiri moti palibe angakutsimikizireni kuti watsuka n'kuyera.

Mwina mukuti, ife ndi za sopo, sitidzamwa. N'zoona kuti mtovu sulowa kwambiri kudzera pakhungu. Koma ine ndakhala ndikuona m'mene zipangizo zimayendera pamudzi. Madzi onunkhira otsala pansi pa mafuta a lemon grass wina adzawathira mu tiyi, wina adzasambitsira khanda. Tsiku lina mnansi adzabwereka paipiyo kuti akatchezere kachasu, ndipo kumukana kudzavuta. Chipangizo chotere muchipange ngati kuti chotulukamo chidzamwedwa, popeza tsiku lina chidzamwedwadi.

Ndiye mukapita ku sitolo ya zipangizo zomangira, funsani solder ya mapaipi a madzi akumwa yolembedwa kuti lead free. Yang'anani zilembo zake: Sn ndi tini, Cu ndi kopa, Ag ndi siliva, Pb ndi mtovu. Ya Sn97Cu3 kapena Sn99Cu1 ndi yabwino, ya tini ndi siliva ndi yabwino koposa ngakhale imadula. Mukaona Pb paliponse, ibwezeni. Yopanda chizindikiro chilichonse, ija amagulitsa zidutswazidutswa pamsika, musaikhulupirire ngakhale wogulitsa atalumbira, chifukwa ndi maso okha ngakhale ine sindingasiyanitse motsimikiza. Solder yopanda mtovu imasungunuka pa madigiri oposa 220, pamene nthunzi yanu sipitirira 100. Kwanu ku Dedza, popeza ndi kumtunda, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95. Choncho musaope kuti idzasungunuka mukutcheza. Ku America solder ya mtovu inaletsedwa pa mapaipi a madzi akumwa mu 1986, ndipo chiyambire pamenepo yopanda mtovu yagwira ntchito m'nyumba zosawerengeka popanda vuto.

Mugulenso flux ya mapaipi a madzi, mankhwala opaka pa kopa kuti solder igwire, makamaka yosungunuka m'madzi kuti idzatsukike. Zolumikizira zikhale za kopa weniweni wofiira. Zachikasu zija za brass nthawi zambiri zimakhala ndi mtovu pang'ono, ndiye zisakhale panjira ya nthunzi. Chimodzimodzi mapaipi a pulasitiki ndi a labala: mafuta a bulugama ndi a lemon grass amafewetsa pulasitiki n'kutenga fungo lake. Mwachita mwayi kuti poto wanu ndi wa stainless steel. Mapoto osungunula kuchokera ku zidutswa za aluminiyamu ya magalimoto ndi zina zakale ndi ena amene amapezeka ndi mtovu akayezedwa.

Tsopano mapangidwe ake. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi paipi yaitali yopindidwa mozungulira ngati nkhata zosanjikizana, yomizidwa mumgolo wa madzi ozizira. Yachiwiri ndi paipi yowongoka ya mamilimita 15 yolowetsedwa m'kati mwa ina ya mamilimita 22, madzi n'kumayenda pampata wa pakati pawo kuchokera kumunsi kupita kumtunda. Iyi imatchedwa ndi dzina la Justus von Liebig, katswiri wa ku Germany, ngakhale Christian Weigel anali ataifotokoza kale mu 1771. Ndi yaifupi komanso yosavuta kutsuka, koma imafuna madzi oyenda nthawi yonse, a pampopi kapena a pampu, ndipo ili ndi malo ambiri owotcherera. Madzi akaduka muli pakati pa ntchito, nthunzi imangotulukira kunja ndi mafuta anu omwe. Kwa gulu ngati lanu ndikulangizani yoyamba ija. Siidalira mpopi kapena magetsi, ndipo malo owotcherera ndi amodzi kapena awiri basi. Pamene pali malo ochepa owotcherera, mpata wolakwitsa umachepanso.

Kopa timamukonda chifukwa amapititsa kutentha mwachangu, kuposa stainless steel maulendo oposa 20, ndiponso amapindika ndi manja. Gulani paipi yofewa ya mumpukutu, ija amagwiritsa ntchito okonza mafiriji ndi makina oziziritsa m'nyumba, ya theka la inchi, omwe ndi mamilimita pafupifupi 13. Ikhale yatsopano, yotsekedwa kumapeto ndi tizivundikiro take. Yochotsa mufiriji yakufa muli mafuta a kompuresa amene sachoka. Musanyengedwe ndi kutsika mtengo kwa yaing'ono ya kota ya inchi. Kachidutswa ka tsamba kamodzi kakhoza kuitseka, ndipo lita imodzi ya madzi ikasanduka nthunzi imafuna malo a malita pafupifupi 1,700. Nthunzi imeneyo ikasowa kotulukira, chivundikiro cha poto chimauluka ndi madzi owira. Pa chifukwa chomwechi musaike mpopi kapena chotsekera chilichonse kumapeto kwa paipi. Kukamwa kwake kukhale kotseguka nthawi zonse.

Pa utali, mamita 6 ndi okwanira poto wokhala pa mbaula imodzi yaikulu kapena pamafuwa. Mukaizunguliza pa chinthu cha masentimita 30 m'mimba mwake, kuzungulira kumodzi kumadya pafupifupi mita imodzi, ndiye mupeza nkhata 6 kapena 5 mutasiya zotsala zolowera ndi zotulukira. Ambiri amaganiza kuti chinsinsi ndi kutalikitsa paipi, koma chimene chimalephera kawirikawiri ndi madzi a mumgolo. Kuti nthunzi ibwerere kukhala lita imodzi ya madzi, imasiya kutentha kokwanira kukweza malita pafupifupi 27 a madzi ndi madigiri 20. Mukatcheza malita 6 pa tsiku, ndowa imodzi ya madzi singachite kanthu. Pezani mgolo wa malita 100 kapena 200. Madzi otentha amakwera pamwamba, choncho muzitunga a pamwambawo, omwe ndi abwino kuchapira, n'kuthira ozizira kudzera pa fanulo ndi paipi yofika pansi pa mgolo. Pisani dzanja: pamwamba pazitentha, pansi pazizizira, ndipo madontho otuluka azikhala ozizira kapena ofunda pang'ono. Mukaona utsi woyera ukutuluka kukamwa kwa paipi, chepetsani moto ndipo sinthani madzi.

Kupinda ndi pamene paipi zambiri zimaonongekera. Kopa wopanda kanthu m'kati ukamupinda mofulumira amafwanyika, n'kupanga khwinya lotsekereza njira, ndipo khwinya limenelo silibwereranso. Ndinaonapo mpukutu wathunthu utatayika motero m'manja mwa munthu amene ankafuna kumaliza dzuwa lisanalowe. Chitani chonchi. Sefani mchenga wa kumtsinje, muuyanike mpaka uume gwa, kapena tengani mchere wosalala. Tsekani mbali imodzi ya paipi ndi kamtengo kosema, muimiritse paipiyo motsamira pa mtengo kapena padenga, wina akwere azithira mchenga ndi fanulo, wina azigogoda m'mbali ndi chipande kuyambira pansi kukwera. Mudzamva kulira kwa paipi kukusintha: pamene mchenga wadzaza imalira mogonthera, pamene pali mphako imalira ngati belu. Pitirizani mpaka yonse igonthe, mutseke kumwamba. Kenako ikani chipika chozungulira kapena silinda ya gasi yopanda kanthu pansi, mmodzi agwire kumapeto, wina azikankha paipi ndi zikhatho pafupi ndi chipikacho, pang'onopang'ono, osati kukoka patali. Kopa amauma akamapindidwa, ndiye pindani kamodzi, osabwerezabwereza malo amodzi. Pakauma kwambiri, khuthulani mchenga, tenthetsani malowo mpaka afiire pang'ono, muwasiye azizire, adzafewanso. Mchere uli ndi ubwino woti wotsalira umasungunuka ndi madzi, pamene mchenga umafuna kugogoda ndi kutsuka kwa nthawi.

Nkhata zonse zitsetsereke kuyambira pamwamba mpaka pansi, popanda malo okwera ngakhale amodzi. Siyani mpata wa zala zitatu pakati pa nkhata ndi inzake, ndipo muzimangirire ku timitengo titatu toimirira ndi waya wa kopa kuti zisagwerane. Kuyesa kwake n'kosavuta. Thirani kapu imodzi ya madzi kumwamba, muone ngati kapu yonse yatuluka kumunsi. Kenako uzirani mpweya ndi pakamwa. Mukamva kuti bulubulu, pali pamene madzi akudikha. Malo oterowo amasunga mafuta anu, amachititsa chipangizo kutsokomola, ndipo ndi pomwe dzimbiri lobiriwira limayambira. Potulukira paipi pakhoma la mgolo, ngati mgolo ndi wa pulasitiki, bowolani bowo lothina n'kuikapo labala kunja kwa paipi. Pamenepo labala alibe vuto chifukwa akukhudza madzi oziziritsira okha.

Kuwotcherera kwenikweni kudzafunika polumikiza nkhata ndi paipi yochokera pa chivundikiro cha poto. Mmisiri wanu anazolowera chitsulo chotenthetsa pambaula, koma paipi ya kopa imathawitsa kutentha msanga moti chitsulocho sichikwanitsa. Pafunika lawi la gasi, la blowlamp. Dulani paipi mowongoka, chotsani timinga ta m'kamwa mwake ndi tupa kapena mpeni, kenako kwechani ndi sandipepa kunja kwa paipi ndi m'kati mwa cholumikizira mpaka kopa awale ngati ndalama yatsopano. Mukatero musagwirepo ndi zala, chifukwa mafuta a m'manja okha amakwanira kukanitsa solder. Pakani flux mopyapyala mbali zonse ziwiri, lowetsani paipi mpaka ifike, muipotoze pang'ono. Ikhale yothina, yosagwedera, ndiponso youma m'kati, popeza dontho la madzi limaletsa kopa kufika pa kutentha kofunika.

Lawi lilunjike pa cholumikizira, osati pa solder. Muziliyendetsa mozungulira. Flux idzayamba kuwira n'kuchita thovu, kenako idzakhala bata. Pamenepo chotsani lawi, mugunditse nsonga ya solder pamphepete, mbali imene lawi silinali. Ngati kopa watentha mokwanira, solder imasungunuka yokha n'kuzimiririka, kuyamwidwa kulowa mumpata ngati m'mene palafini amakwerera pa chingwe cha nyali, ndipo mumaona kamzere kowala kakuthamanga kuzungulira paipi yonse mpaka kukumana. Kamzere kameneka ndiye umboni wanu. Pa paipi ya msinkhu uwu solder yotalika masentimita awiri ndi yokwanira. Yochuluka imangodonthera m'kati n'kupanga chibuma. Ikamaundana ngati mikanda pamwamba osalowa, ndiye kuti kopa sanayere kapena sanatenthe. Kopa akada bii ndipo flux yapserera, mwapyoza, ndipo palibe kuchitira mwina koma kumasula, kukwechanso n'kuyambiranso. Mukamaliza musagwedeze mpaka solder igwire, kenako pukutani ndi kansanza konyowa. Ntchitoyi ichitikire panja kapena pakhonde chifukwa utsi wa flux umawawa m'maso ndi pachifuwa.

Ngati muli pafupi ndi wokonza mafiriji, iye atha kulumikiza ndi ndodo za kopa ndi phosphorus, zosungunuka pa madigiri oposa 700, zomwe sizifuna flux polumikiza kopa ndi kopa mnzake. Ndi zolimba kwambiri ndipo zilibe mtovu. Mungomufunsa kuti asagwiritse ndodo zakale za siliva zosadziwika, chifukwa zina mwa izo zili ndi cadmium, yemwenso ndi poizoni. Kumata kopa pa chivundikiro cha stainless steel n'kovuta ndipo kumafuna flux yakeyake, choncho n'kwapafupi kubowola chivundikiro n'kuikapo cholumikizira chomanga ndi nati cha stainless steel. Mpata wa pakati pa poto ndi chivundikiro mutseke ndi phala lolimba la ufa wa tirigu. Likapsa limagwira, silinunkhitsa mafuta, ndipo paipi itati yatsekeka, phalalo ndilo limayamba kung'ambika nthunzi n'kupeza potulukira. Musamange chivundikiro ndi mabawuti kapena kusanjikapo miyala yolemera.

Musanaikemo tsamba lililonse, yesani kudontha: tsekani mbali imodzi ndi chala, mizani polumikizira m'beseni, wina auzire mpweya, muone ngati pakutuluka thovu. Kenako tsukani m'kati ndi madzi otentha a sopo, mutsukuluze, ndipo mutcheze kamodzi vinyo wosasa wosakaniza ndi madzi theka ndi theka kwa mphindi 20 kapena 30, poyamba mgolo ulibe madzi kuti nthunzi idutse paipi yonse. Samalani manja, paipi imakhala yotentha kwambiri. Zotulukazo tayani. Bwerezani ndi madzi okhaokha. Mukamaliza ntchito tsiku lililonse, tsukuluzani ndi madzi otentha n'kuimika paipi kuti iume. Kopa akada mofiirira palibe vuto, koma zobiriwira zija ndi zoipa m'mimba, ndipo zimachoka ndi madzi a mandimu kapena vinyo wosasa, mutsukuluze bwino pambuyo pake.

Ndatchula kachasu, ndiye ndinenepo pang'ono. Kutcheza mowa kuli ndi malamulo ake ndi ziphaso zake, ndipo kuli ndi zoopsa zimene paipi yabwino siichotsa. Nthunzi ya mowa imayaka ikakumana ndi moto, komanso mowa wotcheza mosasamala ukhoza kukhala ndi methanol, amene amachititsa khungu ndi kupha. Gulu lanu ligwirizane poyera kuti chipangizochi ndi cha mafuta a sopo, zilembedwe m'buku la gulu, kuti wobwereka akabwera asakhale mayi mmodzi womukana yekha.

Pa zokolola, konzekerani mtima. Masamba a lemon grass aawisi amapereka mafuta osafika gawo limodzi pa 100 la kulemera kwake, ndiye makilogalamu 10 akakupatsani masipuni ochepa musadabwe. Bulugama amasiyana malinga ndi mtundu. Fikisani tsamba m'manja, limene likununkha mwamphamvu ndilo la mafuta ambiri. Masamba akhale pa sefa ya stainless steel pamwamba pa madzi, ndipo pakhale mpata pansi pa chivundikiro kuti asakafike pakamwa pa paipi. Poto asaphwe madzi. Landirirani m'botolo la galasi la khosi lalitali. Mafuta adzayandama pamwamba n'kusonkhana m'khosimo, ndipo mutha kuwayamwa ndi sirinji yatsopano. Asungeni m'mabotolo a galasi akuda otsekeka bwino, olembedwa dzina, pamalo okhoma, chifukwa mafuta a bulugama ngakhale kasipuni kamodzi kakhoza kugonetsa mwana m'chipatala atamwa.